Lekani kutsutsa agogo ndi foni

Abale anga a pagulu pano, sabata ino ndabwera ndi mkangano, ndipo amene akwiye akwiye basi. Pali khalidwe limene lafala pakati pa ife a mafoni. Munthu wamkulu akafunsa kuti "kodi nyimbo ija anaimba ndani?", timathamangira ku Google, kutola dzina loyamba limene latuluka, n'kumuponyera ngati tikuponyera galu fupa. Akati ayi, mawu amene ndinkamva ine si amenewa, timayamba kugwedezana zigongono. Ati agogo akalamba, mutu wayamba kusokonezeka. Ine ndikuti wosokonezeka ndi wa foniyo. Wafunsidwa funso lina, wayankha lina, kenako akunyoza wofunsa.

Ntchito yanga ndi yogulitsa mpunga ndi nyemba mumsika, ndiye ndiyambire pa zimene ndimazidziwa. Mayi akabwera pa benchi panga n'kunena kuti akufuna mpunga uja wonunkhira umene anadya ku ukwati, sindingamuthirire faya m'jumbo n'kumuuza kuti mpunga ndi mpunga. Ndimamufunsa kaye. Unali wautali kapena waufupi? Utapsa unamatana kapena unkayoyoka? Akayankha, ndimadziwa kuti akunena kilombero. Nyemba n'chimodzimodzi, kholophethe si nanyati, ndipo amene amati zonse ndi nyemba sanaphikirepo apongozi. Nyimbo yakale imene inajambulidwa ndi anthu ambiri ili ngati mpunga womwewo. Dzina ndi limodzi, koma chimene chinalowa m'khutu la munthu ndi mawu a woimba mmodzi, pa mbale imodzi, chaka chimodzi. Akamafunsa kuti anaimba ndani, akufunsa za mbale imeneyo.

Titenge nyimbo imene yandiyambitsa zonsezi, ya Chingerezi ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yotchedwa The White Cliffs of Dover. Mukailemba pa foni, dzina lotuluka pamwamba ndi la Vera Lynn. Foniyo siinaname. Mayi ameneyu anaijambuladi mu 1942, ndipo ku Mangalande nyimboyi amaiwerenga ngati yake. Koma sanaipeke ndi iye, komanso sanali woyamba kuijambula. Inalembedwa ku America mu 1941 ndi anthu awiri a komweko, Walter Kent amene anapeka chuni ndi Nat Burton amene analemba mawu. Nthawi imeneyo Ajeremani anali akuphulitsa mizinda ya Angerezi ndi ndege. Dover ndi doko la kum'mwera chakum'mawa kwa England, moyang'anana ndi France, ndipo kuli matanthwe aatali oyera ngati choko amene munthu wobwera pa sitima amayamba kuwaona asanaone china chilichonse. Pamwamba pa matanthwe amenewo ndi pamene ndege zinkamenyanirana mu 1940. Nyimboyi ikulonjeza kuti mtendere udzabwerera pamalopo. Chosekesa n'chakuti mbalame ya buluu imene wolembayo anaiika m'nyimbomo ndi ya ku America, ku England kulibe. Zili ngati mlendo atapeka nyimbo yoti chambo chikusambira mu Mudi, ife n'kuilandira ndi misozi osafunsa.

Vera Lynn asanalowe n'komwe mu studio ndi nyimboyi, gulu la Glenn Miller linali litaijambula kale kumapeto kwa 1941. Miyezi yomweyo inatulukanso ya Kay Kyser, ya Sammy Kaye, ya Jimmy Dorsey, ndi ya mayi wina wa mawu amphamvu Kate Smith. Nkhondo itatha sanaisiye. Mu 1953 anyamata akuda a ku America otchedwa The Checkers anaiimba mothamanga, yoti munthu n'kuvina. Mu 1963 anaijambula Jim Reeves. Mu 1966 inamvekanso ndi mawu a The Righteous Brothers. Mu 1995 Robson & Jerome anafika nayo pa nambala 1 ku Britain. Ndiye tandiuzeni, inu amene mumati intaneti siinama, pa anthu onsewa agogo anu anamva uti? Foni ikudziwa amene anatchuka nayo kwambiri. Siikudziwa chimene chinkalira m'nyumba ya agogo anu.

Izi sindikungozipeka. Pali bambo wina wachikulire amene amagula nyemba kwa ine mwezi uliwonse. Mkulu wake anapita ku Joni pa Wenela, n'kubwerako ndi sutikesi, bulangete, gumbagumba ndi mulu wa mbale. Anamwalira kale, ndipo chaka chino banja linagwirizana zomumangira chiliza. Bamboyu anafuna kuti tsiku lochotsa nsalu pa chilizapo, pakudya, ilire nyimbo imene mkulu wakeyo ankaikonda kuika madzulo. Chimene ankakumbukira ndi chuni chake ndi liwu limodzi lokha, Dover. Mdzukulu wake, mnyamata wa ku koleji, anaipeza pa mphindi imodzi, n'kuitumiza kale kwa wa zoimbira pa WhatsApp. Atawaimbira agogowo, anakana. Anati amene ndinkamumva ine anali mwamuna, wa mawu aakulu koma ofewa, woimba pang'onopang'ono ngati akukuuza nkhani pafupi ndi khutu. Mdzukuluyo anabwera nawo pa benchi panga akuseka, n'kundiuza pamaso pawo kuti, "Anti, tangomvani, agogo akulimbana ndi Google."

Ndinawafunsa bambowo mafunso atatu basi. Achimwene anuwo anabwerako liti? Anati ufulu titalandira kale, mbendera itasintha. Mbaleyo inali yaing'ono kapena yaikulu? Anati yaikulu, ya nyimbo zambiri, osati zija umatembenuza nyimbo ikangotha. Nanga mawu amenewo munkawamvanso m'nyimbo zina? Anati eya, munthu yemweyo ankaimbanso zauzimu zimene zinkalira Lamulungu m'mawa. Pamenepo ngakhale mwana wa sitandade 8 wokulira m'nyumba ya wailesi akanadziwa. Jim Reeves anayendera South Africa mu 1962, kenako anabwererako kukajambula filimu yotchedwa Kimberley Jim, anaimba ngakhale nyimbo zina m'Chiafrikaans, ndipo mbale zake zinali mbwee m'masitolo a kumeneko. Nyimbo ya Dover ili pa chimbale chake cha 1963 chotchedwa The International Jim Reeves. Munthu wochokera ku migodi zaka zimenezo, mbale ya ndani imene akanainyamula? Tinapita kwa mnyamata woika nyimbo m'mafoni kuseri kwa mabenchi athu, anaifufuza, anailiza. Bambowo anamvetsera mpaka pakati, n'kungoti, "Ndi imeneyi." Anagula nyemba zawo za masiku onse n'kumapita.

Chimene chinandipsetsa mtima si kuseka kwa poyamba kuja ayi. Ndi zimene mdzukuluyo ananena atagonja. Anati, "Komabe nyimbo ndi yomweyo, mawu ndi omwewo, vuto lili pati?" Apa ndiye pagona nkhani yanga, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri pagulu pano, olemba ndakatulo ndi nthano omwe, mukuganiza chimodzimodzi. Mumati chofunika ndi zolembedwa, woimba ndi chotengera chabe. Tsono tiyerekeze kuti bambo aja akanangokhala chete poopa kusekedwa. Pa chiliza cha mkulu wawo pakanalira mawu a mayi wa ku London amene malemuyo mwina sanamumvepo n'komwe. Anthu akanadya mpunga, akanaomba m'manja, wa zoimbira akanalandira ndalama yake. Munthu mmodzi yekha amene nyimboyo inali ndi ntchito kwa iye akanakhala pampando ngati mlendo pa mwambo wa m'bale wake. Amenewo si mavuto, eti?

Ngati za bambo wa nyemba mukuziona zazing'ono, tiyeni ku nyimbo ina ya nkhondo yomweyo imene ikuonetsa poyera kuti woimba amasintha nyimbo ngakhale chuni chisasinthe. Ndikunena Lili Marleen. Mawu ake anayamba ngati ndakatulo imene msilikali wa ku Germany, Hans Leip, analemba mu 1915 pa nkhondo yoyamba. Norbert Schultze anaipatsa chuni mu 1938. Woyamba kuijambula anali mayi wotchedwa Lale Andersen mu 1939, ndipo mbaleyo siinayende malonda, anagulitsa pafupifupi 700 zokha. Ife a mumsika tikanati katundu wagona. Mu 1941 wailesi ya asilikali a Germany imene inali ku Belgrade inayamba kuiliza, asilikali anaikonda, mpaka inakhala nyimbo ya usiku uliwonse cha m'ma 9:55, wailesi isanatseke. Mphepo ya wailesi siidziwa malire, ndiye asilikali a Britain amene ankamenyana ndi Ajeremani m'chipululu cha kumpoto kwa Africa ankaimvanso, n'kuyamba kuiimba nawo. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri sizinawasangalatse. Joseph Goebbels, mkulu wa zofalitsa nkhani wa Hitler, ankadana nayo, ndipo Lale Andersen analetsedwa kuimba kwa kanthawi mu 1942 zitadziwika kuti ankalemberana makalata ndi anzake Achiyuda ku Switzerland. Angerezi nawo anaona kuti n'zochititsa manyazi asilikali awo kumaimba Chijeremani, ndiye Tommie Connor analemba mawu a Chingerezi, Anne Shelton n'kuijambula mu 1944. Chaka chomwecho Marlene Dietrich, mayi wobadwira ku Berlin amene anakana za Hitler n'kutenga unzika wa America, anaijambula m'Chijeremani mothandizana ndi a zaukazitape a America, cholinga chake asilikali a Germany akaimva agwidwe ndi chisoni cholakalaka kwawo.

Taonani tsono. Chuni chimodzi, koma mbale ina inkalira pa wailesi ya gulu la nkhondo la Hitler, ina inapangidwa kuti ifooketse gulu lomwelo, ina kuti msilikali wa Chingerezi aleke kuimba chilankhulo cha mdani. Ya Andersen imayamba ndi lipenga ndipo imayenda ngati asilikali akuguba. Ya Dietrich ndi yapansipansi, yokoka, ngati munthu wotopa akulankhula yekha usiku. Munthu wokalamba wa ku Ulaya akakuuzani kuti nyimbo ija inkayamba ndi lipenga, wakuuzani kale wailesi imene ankatsegula. Koma funsani anthu lero, ambiri adzakuuzani kuti ndi ya Marlene Dietrich, kungoti dzina lake likufanana ndi la nyimboyo ndiponso anali wa mafilimu. Mayi amene mawu ake anaitchukitsa, amene analangidwa ali pa chimake cha kutchukako, akukankhidwira kumbuyo chifukwa cha ulesi wathu wofunsa. Mukadzanenanso kuti nyimbo ndi yomweyo, mudzayambe mwamuuza Lale Andersen.

Ndikudziwa chimene ena muyankhe m'munsimu. Muti iwe mayi wa nyemba, okalamba amaiwaladi, amasakaniza zinthu, si onse amene amakumbukira bwino ngati kasitomala wakoyo. Zoona. Munthu akhoza kutenga mawu a woimba uyu n'kuwamata pa zoimbira za uja. Akhoza kulakwitsa chaka ndi zaka 10. Dzina la nyimbo ndiye limayamba kuthawa, makamaka ngati ili m'chilankhulo chimene sankachimva. Koma kuiwala kuli ndi njira yake. Pa zimene ndaona ine, munthu amaiwala dzina ndi mawu, koma kawirikawiri saiwala ngati woimbayo anali mwamuna kapena mkazi, ngati ankavina nayo kapena ankangokhala duu, ndi nyumba imene ankaimvera. Zimene zatsalazo ndi umboni. Wapolisi akapeza mboni imene yaona theka la ngozi saithamangitsa chifukwa chakuti siinaone zonse. Amalemba thekalo n'kukafunafuna linalo. Ife timataya theka limene tapatsidwa chifukwa silikugwirizana ndi mzere woyamba wa pa foni.

Ndiponso tizidziwa mmene foniyo imagwirira ntchito tisanailambire. Zija zomvetsera nyimbo ngati Shazam zimafuna kuti mbale yeniyeniyo izilira, ndipo zimafananitsa kamvekedwe ka chojambulidwacho. Agogo alibe mbaleyo, n'chifukwa chake akufunsa. Ukang'ung'udza chuni pa Google, imafananitsa kukwera ndi kutsika kwa chunicho basi, ndiye imakupatsa nyimboyo ndi oimba amene anthu ambiri amawafufuza. Mawu a woimba amene ali m'mutu mwa agogo, makinawo sawamva. Pa YouTube ndiye kuli chipwirikiti, aliyense amaika nyimbo n'kulemba dzina limene wafuna. Chida n'chabwino, inenso ndimachigwiritsa ntchito tsiku lililonse, ngakhale mitengo ya ku Karonga ndimaimvera pa foni. Koma sikelo siikuuza kuti m'thumbamo muli kilombero kapena faya. Imangokuuza kulemera. Kutsegula thumba ndi ntchito yako.

Ndisaiwale anyamata oika nyimbo m'mafoni ndi m'ma memory, chifukwa iwo ali ndi tchimo lotembenuza. Kwa iwo mzungu aliyense wa mawu aakulu woimba pang'onopang'ono ndi Jim Reeves, akapanda kutero ndi Don Williams. Tsegulani foda yolembedwa Jim Reeves pa kompyuta ya mnyamata wa mumsika uliwonse, mupezamo anthu asanu osiyana. Foda imeneyo imakopedwa kuchoka ku Limbe kupita ku Lilongwe, ku Mzuzu, mpaka ku Chipata, bodza likuyenda nayo. Pakapita zaka, mwana amene anakulira pa memory imeneyo adzalumbira kuti anamva yekha. Ndiye musanditenge ngati ndikunena kuti yankho nthawi zonse ndi Jim Reeves. Ngakhale nyimbo imene tonse timaidziwa ngati yake, Distant Drums, ya msilikali wotsanzika bwenzi lake popita ku nkhondo, anailemba ndi mayi wotchedwa Cindy Walker, ndipo Roy Orbison anaitulutsa mu 1963. Ya Jim Reeves inatuluka mu 1966, iye atafa kale pa ngozi ya ndege ya pa 31 July 1964. Anatenga mawu amene anasiya atajambula n'kuwaonjezera zoimbira. Munthu akakuuzani kuti anaimva Distant Drums ndi mawu okwera, onjenjemera, musamukakamize Jim Reeves.

Nthawi zinanso dzina la woimba lokha silikwanira, chifukwa munthu mmodzi amajambula nyimbo imodzi kangapo. Vera Lynn yemweyo anajambula We'll Meet Again mu 1939 ali yekha, ndi choimbira chimodzi chamagetsi chonga limba. Patapita zaka anaijambulanso gulu la asilikali likumuvomera. Wina akati ndikukumbuka anthu ambiri akuimba pamodzi, wina akati ayi anali mayi yekha, onse awiri akunena zoona ndipo onse awiri akunena Vera Lynn. Wachitatu akati inali nkhalamba ya mawu osasa, ameneyonso sakunama, chifukwa Johnny Cash anaiika kumapeto kwa chimbale chake cha 2002, n'kumwalira chaka chotsatira. Imeneyo ukaimva sumva za msilikali wopita ku nkhondo. Umamva munthu amene akudziwa kuti ulendo wake wayandikira.

Ndiye kufunsa kwake n'kotani? Safunsa anadya phula, koma wofunsa mopupuluma nayenso amadya lomwelo. Ine ndimayamba ndi chinthu chimene nyimboyo inkatulukamo, chifukwa chimenecho chimakuuza zaka. Akati galamafoni yopukusa ndi dzanja, yosintha singano pafupipafupi, mbale yolemera yosweka ikagwa, ya nyimbo imodzi mbali iliyonse ya mphindi zitatu, ndiye kuti tili m'zaka za nkhondo kapena za m'ma 1950, ndipo oimba onse a pambuyo pake achotseni. Akati mbale yaikulu yopepuka ya nyimbo zambiri, kwathu kuno zimenezo n'za m'ma 1960 ndi 1970. Akati kaseti, dziwani kuti kaseti inayamba kupangidwa mu 1963 ndipo inachedwa kufala m'midzi mwathu, komanso kaseti yokopera ndiye mayi wa mabodza onse, chifukwa dzina ankalemba ndi bolopeni amene wakopayo. Akati pa wailesi, funsani kuti iti. MBC inayamba mu 1964. Isanayambe, anthu ambiri akuda a Nyasaland ankamvera wailesi ya ku Lusaka, imene inkaulutsanso m'Chinyanja, pa kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949. Mukatha apo funsani za munthu amene anabwera nayo nyimboyo, kuti ankagwira ntchito kuti. Wa ku Joni, wa ku Salisbury, wa ku migodi ya kopa ndi wophikira bwana wa Chingerezi ku Zomba sankanyamula mbale zofanana. Pomaliza pake m'pamene mutenge foni, ndipo musalize imodzi yokha. Lizani zinayi, zisanu, osatchula maina, mwiniwake asankhe. Mukatchula dzina poyamba, munthu waulemu amangovomera kuti musachite manyazi.

Zonsezi n'za nyimbo za azungu, zimene zili ndi mbale, makampani, manambala ndi mabuku. Zikatikanika zimenezi, nanga zathu? Chaka chomwe chija cha 1944, Vera Lynn anapita ku Burma kukaimbira asilikali a Britain, ndipo mpaka pamene anamwalira mu June 2020 ali ndi zaka 103, ulendo umenewo unkatchulidwabe. M'nkhalango zomwezo za Burma, chaka chomwecho, munali azigogo athu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, akuyenda m'matope a chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula. Ena anali atamenya kale nkhondo ku Ethiopia ndi ku Madagascar. Anthu amenewa ankaimba poguba, ankaimba podandaula, ankaimba zonyoza akuluakulu awo m'zilankhulo zimene akuluakuluwo sankamva. Nyimbo zambiri mwa zimenezo sizinalowe mu studio. Zina zinabwerera kumudzi n'kulowa m'magule, monga mmene malipenga ndi mganda zinatengera kaguba ndi kavalidwe ka asilikali. Zina zinatsala m'kamwa mwa ana awo, amene lero ndi agogo omwe tikuwasekawa. Chipilala cha KAR chili ku Zomba, November aliyense timaika nkhata za maluwa, koma chipilala sichiimba. Nyimbo yotere ukafuna kudziwa kuti anaiyamba ndani, ku kampu iti, palibe Google imene ingakuthandize. Pali gogo yekhayo wokumbukira theka, ndipo ngati unamuseka dzulo pa nkhani ya Dover, lero sakuuza kanthu.

Pali mzungu wina, Hugh Tracey, amene anayenda ndi makina ojambulira m'maiko a kuno, Nyasaland yomwe, m'zaka za m'ma 1950. Zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo pano ili ku Rhodes University ku South Africa. Za iye anthu amakangana, ena amati anatola chuma cha eni n'kupita nacho, ndipo mkangano umenewo ngwabwino. Koma chinthu chimodzi anachita chimene ife a mafoni a makamera atatu sitichita. Ankalemba. Woimba ndani, mtundu wanji, boma liti, choimbira chanji, chaka chanji. Mmodzi mwa amene anagwira naye ntchito anali Alick Nkhata wa ku Zambia, amene nayenso anali msilikali ku Burma asanakhale woimba ndi muulutsi wotchuka pa wailesi ya Lusaka ija. Ife timajambula agogo akuimba pa maliro kapena pa chinkhoswe, n'kuponya pa TikTok ndi mawu oti "agogo ali bho", opanda dzina, opanda mudzi, osawafunsa n'komwe kuti nyimboyo anaiphunzira kwa yani. Pakatha zaka 30 mwana wina adzaiona kanemayo, adzafunsa kuti anaimba ndani, ndipo adzayankhidwa ndi dzina la woimba wa m'tauni amene anaitola n'kuiika ng'oma za pa kompyuta.

Gulu lino timati ndi la okonda zolemba. Wina akatenga ndakatulo ya mnzake n'kuchotsa dzina, timamudzudzula sabata yathunthu mpaka achoke yekha. Koma anthu omwewo mumaponya nyimbo zakale pano zolembedwa maina olakwika, ndipo wina akakonza mumati akudzionetsa. Ine pa benchi panga ndikalemba kilombero pa thumba la faya, mawa lake msika wonse udziwa ndipo makasitomala andithawa. Sindikuona chifukwa chimene woika nyimbo m'ma memory, kapena wa digiri woponya nyimbo pa Facebook, akhale ndi lamulo lofewa kuposa langa.

Amene muli ndi mbale zakale m'masutikesi a malemu, musazitaye ndipo musazisiye padzuwa, zopepukazo zimapindika, zolemerazo zimasweka. Ngakhale gumbagumba inafa kalekale, kapepala kozungulira ka pakati pa mbaleyo kali ndi zonse: dzina la woimba, dzina la wopeka m'timalemba ting'onoting'ono pansi pa dzina la nyimbo, kampani, nambala ya mbale, nthawi zambiri ndi dziko limene inapangidwira. Pukutani fumbi ndi kansalu kouma, jambulani kapepalako mbali zonse ziwiri pamalo owala, mulembe kuti mbaleyo inali ya yani ndipo anabwera nayo kuchokera kuti. Mukatero muponye m'munsimu. Ine ndikatseka benchi cha m'ma 6 ndiziona imodziimodzi.